M'mbulu wa Panado muli chiyani? Phunziro la chromatography

Anzanga a Fomu 3 ndi Fomu 4, ndi inunso a Fomu 1 amene mwangoyamba kumene zolekanitsa misanganizo, imani pang'ono pa bolodi pano. Tengani mbulu umodzi wa Panado, wina wa asipirini, wina wa Brufen amene ambirife timangoti bufeni, ndi wina wa Cafemol. Muipere uliwonse pawokha mpaka ukhale ufa, kenaka mutaye mapepala amene munali mibuluyo. Tsopano pa desiki pali timilu tinayi ta ufa. Ndani angaloze kuti Panado ndi uyu, asipirini ndi uyu? Wina anena kuti alawa. Ayi aise, mu labu sitilawa kanthu, ndipo ngakhale mutalawa, kuwawa n'kuwawa basi, lilime silingakuuzeni dzina la mankhwala.

Funso limeneli si la mayeso okha. Kwathu kuno mankhwala opha ululu timamwa kwambiri. Nyengo yopanga mizere, nyengo yothyola ndi kusoka fodya, misana imauma. Akabaza amene amapalasa tsiku lonse pakati pa Nsaru ndi Kabudula, akaweruka ambiri amayamba aima pa okala. Patsiku la msika, kaya ku Nsaru, ku Mpingu kapena ku Nambuma, mupeza wina atayala mapiritsi pansi padzuwa pafupi ndi sopo ndi mabatire, ena ali m'timapepala topanda dzina lomwe. Wogula amangokhulupirira zimene wauzidwa. Chemistry ili ndi njira yofunsira mbulu weniweniwo kuti unene zimene uli nazo, ndipo njira yake ndi yomwe ija tinaiona koyamba ndi inki pa filter paper.

Choyamba, m'mbulu mumakhala chiyani?

Mbulu si mankhwala okhaokha. Muli chimene chimagwira ntchito m'thupi, pa Chingerezi amati active ingredient, ndiye muli zina zongothandizira kuti mbuluwo ugwirane ndi kuti usungunuke ukafika m'mimba. Chimodzi mwa zothandizirazi nthawi zambiri ndi sitalichi, yemwe uja wa mu chimanga. Mu Panado chogwira ntchito ndi paracetamol, ndipo mbulu wa akuluakulu umakhala ndi mamiligalamu 500. Mu asipirini muli acetylsalicylic acid, mamiligalamu 300 m'mibulu imene tinazolowera. Mu bufeni muli ibuprofen, mamiligalamu 200 kapena 400. Mapiritsi ena, monga Cafemol, ndi osakaniza: muli mankhwala oposa amodzi, ndipo pakati pawo pali caffeine, yemwe uja amapezeka mu khofi ndi mu tiyi. Choncho dzina lalikulu la pa paketi ndi la malonda chabe. Mayina enieni a mankhwala amalembedwa mwa timalemba ting'onoting'ono timene ambiri sitiwerenga.

Paracetamol, asipirini, ibuprofen ndi caffeine, zonsezi zikakhala pazokha ndi ufa woyera. Maso sangathandize. Koma mamolekyu ake anapangidwa mosiyana, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene chromatography imagwiritsa ntchito.

Mpikisano wa pa pepala

Mawu akuti chromatography anachokera ku Chigiriki: chroma ndi mtundu wa chinthu, monga kufiira kapena kubiriwira, graphein ndi kulemba. Anayambitsa njirayi ndi Mikhail Tsvet, katswiri wa zomera wa ku Russia. Cha m'ma 1903 iye anathira madzi a masamba mu chubu chagalasi chodzaza ndi ufa wa calcium carbonate, ndipo anaona mitundu ya m'masambamo ikulekana m'mizeremizere, yobiriwira payokha, yachikasu payokha. Dzina la chromatography analilemba mu 1906. Patapita zaka, akatswiri awiri a ku Britain, Archer Martin ndi Richard Synge, anaikulitsa njirayi mpaka analandira mphotho ya Nobel mu 1952.

Mu chromatography iliyonse mumakhala zinthu ziwiri. Pali chimene chimangokhala osasuntha, ndicho stationary phase. Pali china chimene chimayenda, ndicho mobile phase, ndipo kwa ife chimenechi ndi solvent, madzi kapena sipiriti kapena zina zosungunulira. Solvent amakwera yekha pa pepala monga mmene palafini amakwerera pa chingwe cha koloboyi, popanda wompopa.

Nanga kulekana kumabwera bwanji? Ganizirani gulu la anthu limene latsika minibasi imodzi pa Namitete, onse akulowera njira imodzi. Wina ndi mlendo, sadziwa aliyense, amangoyenda. Wina ndi mwana wa pomwepo: apa apereka moni kwa azakhali, apo aima ndi amalume, patsogolo agwada kulonjera agogo. Ikatha ola, mlendo uja ali kutali, mwana wa pamudzi sanapitirire ndi chigayo chomwe. Onse anayambira pamodzi, msewu ndi umodzi, koma wina msewuwo umamugwiragwira. Mamolekyu nawonso ndi choncho. Amene amakondana kwambiri ndi stationary phase amatsalira m'munsi. Amene amasungunuka bwino mu solvent ndipo sakakamira pa stationary phase amakwera m'mwamba.

Poyeza mankhwala sagwiritsa ntchito pepala wamba koma kambale kopyapyala ka aluminiyamu kapena galasi kopakidwa ufa wa silica gel. N'chifukwa chake njirayi imatchedwa thin layer chromatography, mwachidule TLC. Silica ali ndi magulu ambiri a OH pamwamba pake, ndiye ndi polar, ndipo amagwira zolimba mamolekyu amene nawonso ndi polar. Ibuprofen mbali yake yaikulu ndi kaboni ndi haidrojeni basi, alibe pogwirira pambiri, ndiye ndi mlendo uja. Paracetamol ali ndi OH komanso NH, manja awiri operekera moni, ndiye amachedwa. Caffeine ali ndi maatomu anayi a naitrojeni, ndipo pa silica amakakamira kuposa anzake onse. Mukagwiritsa ntchito ethyl acetate wothiramo kadontho ka acetic acid ngati solvent, kawirikawiri ibuprofen ndiye amakhala pamwamba, asipirini pambuyo pake, kenaka paracetamol, caffeine kumunsi kwenikweni.

Mmene amachitira mu labu

Amapera mbulu, n'kuthira ufawo mu ethanol kapena methanol, n'kukhutchumula bwinobwino. Mankhwala enieni aja amasungunuka, sitalichi sasungunuka, amadikha pansi kapena amasefedwa. Pa kambale kaja amajambula mzere ndi pensulo, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Ndi pensulo, osati bolopeni. Funso limeneli limabwerabwera pa mayeso ndipo anthu amataya malikisi aulere: inki ya bolopeni nayonso ndi msanganizo, ingasungunuke n'kuyamba kukwera limodzi ndi mankhwala, pamene graphite wa pensulo sasungunuka.

Pa mzerewo amadonthezapo timadontho ting'onoting'ono ndi kachubu kowonda ngati udzu. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Sadontheza mbulu wosadziwika wokha ayi. Pambali pake amadonthezanso paracetamol weniweni wodziwika, asipirini weniweni, ibuprofen weniweni ndi caffeine weniweni, aliyense pamalo pake. Odziwikawa ndiwo mboni. Popanda mboni, mungaone dontho litakwera koma simungalitchule dzina.

Akatero amaimika kambaleko mu botolo lokhala ndi solvent pang'ono pansi, n'kuvindikira. Solvent asafike pa mzere wa pensulo, chifukwa akamiza madontho aja, mankhwala onse angosungunukira mu botolo ndipo ntchito yathera pomwepo. Kuvindikira n'kofunika kuti solvent asamauluke pa kambale pamene akukwera. Pakapita mphindi zingapo, solvent akayandikira pamwamba, amachotsa kambaleko n'kulemba msanga ndi pensulo pamene wafika. Mzere umenewu ndi solvent front. Mukachedwa uuma, simuuonanso.

Ndiye mukayang'ana kambaleko muona chiyani? Palibe! Koyera ngati poyamba. Inki ija inkaoneka chifukwa ili ndi mitundu, koma mankhwalawa alibe mtundu. Pamafunika chounikira. Timbale ta TLC timasakanizidwa ndi mankhwala amene amawala mobiriwira akaunikidwa ndi nyali ya UV ya 254 nm. Pamene pali paracetamol kapena caffeine, kuwalako kumatsekeka, ndiye pamaoneka dontho lakuda pakati pa zobiriwira, ndipo amalizunguliza ndi pensulo. Njira ina ndi kuika kambaleko mu botolo lokhala ndi timibulu ta ayodini: nthunzi yake imadetsa ena mwa madonthowo kukhala abulauni. M'mabuku athu zoterezi amazitcha locating agent. Nyali ya UV osaiyang'ana mwachindunji, imawononga maso.

Masamu ake ndi ochepa

Dontho lililonse lili ndi nambala yake yotchedwa Rf. Mumayeza mtunda kuchokera pa mzere wa pensulo kufika pakati pa dontho, n'kugawa ndi mtunda kuchokera pa mzere womwewo kufika pa solvent front. Tiyerekeze kuti solvent wayenda masentimita 8.0. Caffeine wodziwika waima pa 1.2, paracetamol pa 3.6, asipirini pa 4.8, ibuprofen pa 5.6. Rf ya caffeine ndi 1.2 kugawa ndi 8.0, yankho 0.15. Ya paracetamol ndi 0.45, ya asipirini 0.60, ya ibuprofen 0.70. Tsopano mbulu wosadziwika uja wapereka madontho atatu, pa 1.2, pa 3.6 ndi pa 4.8. Ndiye kuti ndi wosakaniza: muli caffeine, paracetamol ndi asipirini, koma ibuprofen mulibe. Manambalawa ndi ongophunzirira, musawaloweze ngati tebulo la 7. Mukasintha solvent, kapena mtundu wa kambale, ngakhale kutentha kwa chipinda, Rf imasintha. N'chifukwa chake mboni zija zimayenera kuthamanga pa kambale komweko, nthawi yomweyo.

Rf ilibe mayunitsi, poti masentimita agawidwa ndi masentimita anzake. Ndipo singapose 1, chifukwa dontho silingapitirire solvent amene walinyamula. Mukapeza 1.6 pa mayeso, mwatembenuza masamu, bwererani.

Dontho limodzi lokha limasonyeza kuti mwina chinthucho ndi pure. Madontho awiri pamene mumayembekezera limodzi ndi chizindikiro choti mwalowa china. Chitsanzo chabwino ndi asipirini wokhalitsa. Akakhala pa chinyontho ndi potentha, amasweka kukhala salicylic acid ndi acetic acid. Acetic acid ndi yemwe uja wa mu viniga, ndiye botolo la asipirini likamanunkha viniga mukalitsekula, dziwani kuti wayamba kuwonongeka. Pa TLC salicylic acid amaoneka ngati dontho lachiwiri. Mapiritsi oyalidwa padzuwa pamsika aja, m'nyengo ya mvula, muwaganizire pamenepa.

Zinachitikadi m'Malawi muno

Mwina wina akuti izi ndi za ku Ulaya. Ayi ndithu. Mu 2016 magazini ya akatswiri yotchedwa Malaria Journal inasindikiza kafukufuku wa a Felix Khuluza, a ku dipatimenti ya Pharmacy ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu imene pano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Anagwira ntchitoyi ndi anzawo, mmodzi mwa iwo a Lutz Heide a ku yunivesite ya Tübingen ku Germany. Anatolera masampulo 28 a mankhwala a malungo a SP m'maboma anayi a m'chigawo cha kummwera, ena m'zipatala ndi m'masitolo a mankhwala, ena kwa mavenda amene amagulitsa popanda chilolezo. Kwa mavendawo ankapita ngati ogula wamba.

SP ndi amene ambiri amamudziwa kuti Fansidar. Muli mankhwala awiri, sulfadoxine ndi pyrimethamine. Dziko lathu linayamba kumugwiritsa ntchito m'malo mwa chloroquine mu 1993, kenaka mu 2007 kunabwera LA, koma mpaka pano amayi oyembekezera amalandira SP ku sikelo kuti awateteze ku malungo. Atayeza masampulo aja ndi TLC, imodzi inapezeka kuti ndi yachinyengo. Pa pepala panalembedwa kuti ndi SP, koma mkati munali mibulu ya paracetamol yosakanizana ndi mibulu ya co-trimoxazole, amene timamudziwa kuti Bactrim. Munthu anachita kutenga mibulu ina n'kuikuta m'mapepala a SP.

Taganizirani kuchenjera koipa kumene kuli pamenepa. Munthu wa malungo akamwa paracetamol, thupi limazizira, mutu umaleka. Iye n'kumati mankhwala agwira, mwinanso n'kuuza anzake kuti akagule komweko. Koma paracetamol sapha tizilombo ta malungo, amangotsitsa kutentha kwa thupi. Tizilombo timapitiriza kuswana m'magazi pamene wodwala akuganiza kuti akuchira, ndipo akamadzafika ku chipatala zinthu zafika kale poipa. Ine ndimaona kuti mbulu wotere ndi woopsa kuposa mbulu wa ufa wachabechabe, chifukwa wa ufa ukadalephera poyera, munthu n'kuthamangira ku chipatala msanga.

Pali phunziro lina la chemistry m'nkhani imeneyi. Bactrim ali ndi sulfamethoxazole, amene ndi wa banja limodzi ndi sulfadoxine wa mu SP. Mamolekyu ofanana chonchi angathe kuima moyandikana pa kambale mpaka woyeza n'kunamizika. Rf yofanana mu solvent mmodzi si umboni wokwanira kuti zinthu ziwiri ndi chimodzi. Anthu awiri angathe kufika limodzi pa Msundwe koma ali osiyana makolo. Ofufuza aja anagwiritsa ntchito ma solvent osiyanasiyana, ndipo ndi pamene zinaoneka bwino kuti m'mibulumo munalidi chiyani. Pambuyo pake masampulo 10 anawayezanso ndi makina akuluakulu a HPLC, amenenso ndi chromatography koma yopopa solvent mwamphamvu mu chubu chachitsulo. Makinawo anavomereza zimene TLC inapeza, ndipo anapezanso masampulo ena awiri amene sanali achinyengo koma sanafike pa muyezo.

Zipangizo zimene anagwiritsa ntchito zimatchedwa Minilab, zopangidwa ndi bungwe la ku Germany la Global Pharma Health Fund. Ndi labu yonyamula m'masutikesi, yoti n'kukwera nayo galimoto kupita kumudzi. Woyeza amayamba wayang'anitsitsa paketi ndi zolembedwa zake. Kenaka amaponya mbulu m'madzi ofunda ngati thupi la munthu, madigiri 37, kuona ngati uphwanyike pasanathe mphindi 30, poti mbulu wosaphwanyika ungangodutsa m'mimba osagwira ntchito. Pomaliza ndi TLC. Apa amaika mboni ziwiri za mankhwala amodzi omwewo, ina ya mphamvu yonse, ina ya 80 peresenti. Dontho la mbulu woyezedwa likakhala lofooka kuposa la 80 peresenti lija, ndiye kuti mankhwala alimo koma ndi operewera, ndipo sampulo imatumizidwa ku labu yaikulu. Kuno kwathu bungwe loyang'anira zimenezi ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, PMRA, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pafupifupi mankhwala amodzi mwa 10 alionse amakhala achinyengo kapena osafika pa muyezo.

Ngakhale mbulu weniweni ungapweteke

Kudziwa za m'kati mwa mbulu kuli ndi phindu linanso. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 a paracetamol pa tsiku, ndiyo mibulu 8 ya mamiligalamu 500, ndipo osati yonse nthawi imodzi. Ukapitirira, chiwindi chimawonongeka, ndipo choopsa chake n'chakuti tsiku loyamba munthu angathe kuoneka bwinobwino. Tsono wina amamwa Panado awiri, n'kuwonjezera mbulu wosakaniza, n'kumwanso mankhwala a chimfine, akuganiza kuti wamwa mitundu itatu, chonsecho akhoza kukhala kuti wamwa paracetamol katatu. Asipirini, bufeni, diclofenac ndi Indocid ndi a gulu limodzi, ndipo onse amakanda m'mimba. Kuwaphatikiza, kapena kumwa ndi njala m'mawa popita ku ganyu, ndi kuitana zilonda za m'mimba. Asipirini sapatsidwa kwa ana osafika zaka 16 pokhapokha adokotala atalamula. Ndipo mutu ndi kutentha thupi zikabwera limodzi, kukayezetsa malungo ku Kabudula, ku St Gabriel's kapena ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwanu kumatenga mphindi zochepa chabe.

Zimene tingachite pa sukulu pano

Timbale ta silica ndi nyali ya UV n'zovuta kupeza m'masukulu ngati yathu ino, ndiye mibulu sitingathe kuiyeza tokha. Koma luso lake ndi limodzi, ndipo tingaliphunzire ndi zimene tili nazo. Dulani filter paper, jambulani mzere wa pensulo, donthezani inki ya makala yakuda, ina yobiriwira, ina ya bolopeni, muimike m'kapu yagalasi muli sipiriti pang'ono, muvindikire ndi sosala. Pepala likasowa, choko choyera chimagwira ntchito: ikani dontho la inki pafupi ndi kumunsi kwake, muchiimike m'sipiriti. Mukafuna kutsatira Tsvet, sinjani masamba a nkhwani kapena chisoso m'sipiriti pang'ono, mudontheze pamalo amodzi kangapo, mukudikira kuti paume musanadonthezenso. Sipiriti amayaka, ndiye musachitire pafupi ndi moto. Yezani ndi rula, werengani Rf ya mtundu uliwonse. Sitalichi wa m'mbulu yekha ndiye tingamugwire mosavuta: perani Panado, thirani kadontho ka ayodini, ngati alimo pada mwabuluu ngati mbatata ya ku Biology ija. Mibulu imene mwaseweretsa mu labu musamwe, muitaye m'chimbudzi.

Nayi ntchito ya sabata ino. Pa kambale kena, ka silica yemweyo ndi solvent yemweyo wa m'chitsanzo chathu, solvent front yafika pa masentimita 6.0. Mbulu A wapereka madontho awiri, pa 0.9 ndi pa 2.7. Mbulu B wapereka dontho limodzi pa 4.2. Mbulu C pa paketi palembedwa kuti ndi asipirini, koma wapereka dontho limodzi pa 2.7. Pezani Rf ya dontho lililonse, mutchule zimene zili m'mbulu uliwonse, ndipo munene chimene woyeza ayenera kuchita asanalengeze kuti mbulu C ndi wachinyengo. Lembani dzina ndi kalasi yanu, mupereke kwa aphunzitsi a Chemistry lisanafike Lachisanu. Mayankho tidzamata pa bolodi pomwe pano.